Tiyi wa ku Mulanje ndi Dzuwa la Okutobala

Tiyi wa ku Mulanje anachokera m'munda wa mishoni. Mu 1878 Jonathan Duncan, wosamalira minda ya mpingo wa Church of Scotland, anayesa kumudzala ku Blantyre Mission koma sanagwire. Mbewu yobwera m'zaka za m'ma 1880 ndiyo inakula. Mu 1891 Henry Brown, yemwe analimapo khofi ku Ceylon, anatenga njere za mitengo imeneyi n'kukadzala ku Lauderdale, m'munsi mwa phiri la Mulanje, mpingo womwewo utangoyamba kumene ntchito yake ku Mulanje. Khofi atagwa cha m'ma 1900, azungu a m'maesiteti anatembenukira ku tiyi, ndipo Alomwe ambiri ochokera ku Mozambique ndiwo analambula ndi kuthyola minda imene lero yazungulira Mulanje Mission.

Chimene chinalola tiyi kukhazikika kuno ndi chinyezi chochokera ku nyanja ya mchere ya India. Mphepo ya chiperoni ikawomba, mitambo imatsamira phiri n'kumawaza mvula yamawawa m'miyezi yozizira, pamene madera ena auma. Koma chiperoni chimatha, ndipo kuyambira Seputembala mpaka mvula yoyamba tiyi amavutika. Tsamba likatentha kupitirira madigiri 35, mtengo umachepetsa kwambiri kupanga chakudya ngakhale kuwala kuli kochuluka. Mpweya ukauma kwambiri, nsonga zimaleka kukula ngakhale m'munda wothirira. Mitengo yongodulidwa kumene imapsa makungwa, matenda n'kulowera pabalapo. N'chifukwa chake tiyi wambiri wa m'Malawi amathyoledwa pakati pa Disembala ndi Epulo. M'chilimwe mafakitale amachepetsa ntchito ndipo aganyu ambiri amakhala pakhomo.

Alimi oyambirira ankadzala mitengo ya mthunzi pakati pa tiyi. Pambuyo pake yambiri inadulidwa, atapeza kuti tiyi wothiridwa feteleza amabereka kwambiri poyera. Bungwe la Tea Research Foundation of Central Africa, lomwe linakhazikitsidwa mu 1966 ndipo lili ku Mimosa, linalimbikira kusankha mitundu yopirira chilala. Mu 1967 boma linayambitsa Smallholder Tea Authority, anthu a m'midzi nawonso anayamba kulima tiyi, koma ambiri alibe madamu ndi mapaipi othiririra monga maesiteti. Chilala cha 1992 chinapha mitengo yambiri.

Nyanja ya India ija nayonso yayamba kutentha. Ku Mulanje nyanja yomweyo inatumiza namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, yemwe anakokolola nthaka, minda ndi nyumba. Alimi ang'onoang'ono tsopano akulimbikitsidwa kuphimbira nthaka ndi nthambi zodulira, ndi kubwezeretsa mitengo ya mthunzi m'minda yawo.