Wochi ya Caka Cobadwa: Mmene Nthawi Inachipira

Anthu amene amasonkhanitsa mawochi akale ali ndi mwambo umodzi umene unandikopa: kufunafuna wochi imene inapangidwa caka cimene iwe mwini unabadwa. Ambiri a iwo amalota za Rolex kapena Omega, mawochi amene mtengo wake nthawi zina ungagule pulothi. Ine ndinabadwa mu 1989, ndipo malipiro a mphunzitsi safika kumeneko. Koma kufufuza kumeneku kwandionetsa kuti wochi ya m'badwo wathu ndi ija yochipa imene tinali kuiona pa mikono ya amalume, aphunzitsi ndi makondakitala a minibasi. Mmene inachipira ndiyo mbiri imene ndifuna kukufotokozerani.

Zaka 130 zapitazo, mwamuna wa ku Ulaya anali kuika wochi yake m'thumba, itamangidwa ku cheni. Wochi ya pa mkono inali kuonedwa ngati cibangiri ca akazi. Imodzi mwa zoyambirira inapangidwa ndi kampani ya Patek Philippe mu 1868, ndipo inali ya mai wina wa ku Hungary, Countess Koscowicz. Cimene cinasintha maganizo a amuna ndi nkhondo. Pa nkhondo ya Mabunu ndi Angerezi ku South Africa, kuyambira 1899 mpaka 1902, akuluakulu a asilikali anayamba kuika mawochi ao a m'thumba m'kacikopa n'kumanga pa mkono. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, 1914 mpaka 1918, zinafika poti moyo unali kudalira mphindi. Mizinga inali kuleka kulira pa nthawi yopangana, ndipo pa mphindi yomweyo asilikali anali kutuluka m'maenje ao. Munthu wogwira mfuti analibe mpata wopisa m'thumba. Amene anapulumuka anabwerera kwao atavala mawochi, ndipo palibe amene anawaseka. Pofika m'ma 1930, mawochi a pa mkono anali kugulidwa kuposa a m'thumba.

Mawochi onsewa analibe batire. M'kati mwake munali sipuling'i imene mwini wake anali kuikunga pozunguza kamutu ka m'mbali, ndi kagudumu kamene kamapita uku ndi uku kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa sekondi. Kulumikiza tizitsulo timeneti kunali kufuna maso akuthwa ndi manja ozolowera, ndipo dziko la Switzerland ndilo linali patsogolo pa luso limeneli.

Pa 25 December 1969, kampani ya ku Japan ya Seiko inayamba kugulitsa wochi yochedwa Astron mumzinda wa Tokyo. M'malo mwa sipuling'i, inali ndi batire ndi kamwala ka quartz, kamene kamanjenjemera pa liwiro losasintha magetsi akakadutsa. Inali kuphonya ndi masekondi 5 cabe pa mwezi, pamene wochi yabwino ya sipuling'i ingaphonye motero pa tsiku limodzi. Mtengo wake unali mayeni 450,000, ndalama zokwana kugula galimoto. Koma zinthu zamagetsi zimachipa zikayamba kupangidwa zambirimbiri, ndipo m'zaka khumi cabe wochi ya batire inafika kwa munthu wamba.

Ku Switzerland kunagwa tsoka. Mu 1970 kunali makampani a mawochi pafupifupi 1,600 ndi anchito pafupifupi 90,000. Pofika pakati pa ma 1980, makampani anatsala pafupifupi 600 ndipo anthu awiri mwa atatu alionse anali atacotsedwa nchito. Amene muli ndi abale ku Kabwe, kumene mgodi unatsekedwa mu 1994, mudziwa mmene tauni imakhalira nchito imodzi imene inali kudyetsa onse ikatha. Cimene cinathandiza a ku Switzerland kudzukanso ndi wochi yochipa ya pulasitiki, Swatch, imene inatuluka mu 1983.

Caka canga, 1989, ndico caka cimene Casio inatulutsa F-91W, kawochi kakuda kamene aliyense wa inu anakaonapo. Anakajambula ndi Ryusuke Moriai. Kamalemera magalamu 21, batire yake imatha zaka pafupifupi 7, ndipo kali ndi alamu, kanyali ndi cowerengera masekondi a othamanga. Patangopita zaka 20 kucokera pa Astron, nthawi yolondola imene inali pa mtengo wa galimoto inatsika mpaka mwana wa sukulu kuikwanitsa. Kawochi kameneka kakali kupangidwa mpaka lero.

Kuno kwathu 1989 cinali caka covuta. Dziko linali pansi pa cipani cimodzi ca UNIP ndi Pulezidenti Kenneth Kaunda. Boma linayamba kupereka makuponi ogulira unga, ndipo makolo athu anali kuima pa mizere kudikira shuga, sopo ndi saladi. Mu June 1990 mtengo wa unga unautsa zipolowe mu Lusaka, ndipo pa 31 October 1991 kunacitika masankho a zipani zambiri amene Frederick Chiluba anapambana. Pambuyo pake malonda anamasuka, ndipo katundu wakunja, salaula ndi mawochi ochipa zinadzaza misika ndi m'mbali mwa miseu. Munthu amene anali ndi wochi masiku a makuponi anaipeza movutikira, ndipo ikafa anali kupita nayo kwa wokonza. Ife tinakula m'nthawi imene wochi ikafa umangoitaya.

Vuto la F-91W kwa wofuna caka cobadwa ndi lakuti ya kale ndi ya caka catha zimaoneka cimodzimodzi. Nambala 593 imene ili kumbuyo kwake ndi ya mtundu wa makina, siinena caka. Zabodza zake nazonso zili mbwee. N'cifukwa cake ine ndinatembenukira ku Seiko, imene imalemba tsiku lake lobadwa pa thupi pake.

Tembenuzani Seiko yakale, mudzaona nambala ya zilembo 6 pa civundikiro. Coyamba ndi nambala yothera ya caka. Caciwiri ndi mwezi: 1 mpaka 9 ndi January mpaka September, ndipo O, N ndi D ndi October, November ndi December. Motero nambala yoyamba ndi 9N ikutanthauza November wa caka cothera ndi 9. Koma kodi ndi 1979, 1989 kapena 1999? Yankho lili pa nambala ina, ya mtundu wa makina. Makina a 7002 anapangidwa kuyambira 1988 mpaka 1996, ndiye 9 pa wochi yotero ndi 1989 basi. Imeneyi ndiyo ndikali kusakasaka. Makina a 7S26 anayamba mu 1996 ndipo anapangidwa kwa zaka zoposa 20, motero 3 pamenepo angakhale 2003 kapena 2013, ndipo mufunika kufufuzanso kuti mtundu wa wochiyo unali kugulitsidwa liti.

Umu ndi mmene timagwirira nchito ya mbiri yakale m'kalasi: umboni umodzi sukwana. Civundikiro cingacotsedwe pa wochi ina n'kuikidwa pa ina. Pa intaneti pamagulitsidwa mawochi ambiri a Seiko ndi HMT ocokera ku India amene analumikizidwa ndi zidutswa zosiyanasiyana, nkhope zao n'kupakidwa utoto watsopano. Osonkhanitsa amawacha "Mumbai special". Musanalipire, onani tinambala tating'ono tili munsi mwa 6 pa nkhope ya wochi, muyerekezere ndi za pa civundikiro, kenako pemphani wokonza mawochi atsegule muone ngati makina ali ndi nambala yomweyo. Zitatuzi zikagwirizana, ndiye mukambe za mtengo. Cenjezo lina: mawochi ambiri opangidwa cisanafike caka ca 1960 anapakidwa utoto wa radium kuti aziwala mu mdima. Radium ndi poizoni, musapale nkhope yake kapena kupuma fumbi lake.

Musanapite ku msika, yambani ndi kunyumba. M'manyumba ambiri muli wochi yakufa m'kabati, pamodzi ndi makadi a ubatizo ndi zithunzi zakale. Ikhoza kusakhala ya caka canu, koma mwini wake ngati ali moyo angakuuzeni zimene nambala singanene: anaigula kuti, ndi malipiro a nchito yanji, anasunga ndalama miyezi ingati, anaivala pa ukwati wa ndani. Afunseni ambuya kapena atate anu sabata ino, mulembe mayankho ao pa pepala pamodzi ndi nambala ya pa civundikiro, ndipo muzisunge pamalo amodzi. Batire yatsopano kapena kutsukitsa makina mungacite caka ciliconse, koma mafunso amenewa ali ndi nthawi yake.