Kodi mbaula ili ndi mwini wake?

FUNSO: Akulu, ine ndimapanga mbaula pa Msika wa Lundazi. Mwana wina wa ku sekondale wandiopseza kuti chipangizo chilichonse chili ndi mwini wake amene adachilembetsa ku boma, ndiye tsiku lina adzabwera kudzandilipiritsa. N'zoona zimenezi?
Wopanga mbaula, Lundazi

YANKHO: Bambo, pitirizani kukhoma zitsulo zanu, palibe akubwera. Chikalata chimene mwanayo wamva kusukulu ndi patenti. Chimapatsidwa kwa munthu amene watulukira chinthu chatsopano, ndipo chimatha mphamvu pakapita zaka 20. Mbaula yachitsulo yoboolaboola ija ndi ya aliyense. Ngakhale ng'anjo zazitali zadothi zimene makolo ankasungunuliramo chitsulo ku Chulu, tsidya la Kasungu, zokoka mphepo zokha popanda mvukuto, palibe adazilembetsa.

Amene adalimbirana zikalata pa nkhani ya moto ndi akatswiri a ku Britain, ndipo chidawasowetsa tulo n'chinthu chimene inu mumachidziwa bwino: kusonkhezera. M'mafakitale akale munthu ankaima tsiku lonse ndi fosholo, kuponya malasha a kumgodi m'ng'anjo yowiritsa madzi oyendetsa makina. Akatsegula chitseko, mphepo yozizira inkalowa, moto n'kufooka. Akaunjika malasha kuti apumeko, mulu uja unkatsamwitsa moto, chiutsi chakuda n'kuphimba tauni yonse, ndalama za mwini fakitale zikutuluka pa chumuni.

Mu 1819 William Brunton adalembetsa chitsulo choyalapo malasha chozungulira chokha. Koma amene adamenya pamutu pa nkhani ndi John Juckes mu 1841. Iye adapanga lamba wa unyolo woyenda pang'onopang'ono. Malasha amagwera pa lambayo kuchokera m'nkhokwe yapamwamba, osanjikizana mopyapyala, n'kumayaka ulendo uli mkati, mphepo ikulowa chapansi. Pofika kumapeto atsala phulusa lokha, limene limagwera m'dzenje. Chitseko osatsegula, munthu osawauka nkhope. Ine ndimaona kuti nzeru ya Juckes siinali pa unyolo ayi, koma pozindikira kuti moto umafuna kudya pang'ono koma kosalekeza. Mayi wokazinga zitumbuwa pafupi nanu amatero kale akamaika makala awiriawiri n'kugwedeza mbaula kuti phulusa ligwe. Patenti ya Juckes nayonso idatha kalekale.

Tsono ngati mwatulukira njira yanuyanu, mwina kachitseko kochepetsa mphepo kamene sikadaonekeko kwina kulikonse, m'Zambia muno zikalatazi zimalembetsedwa ku bungwe la PACRA motsatira lamulo la patenti la 2016. Wofuna chitetezo m'maiko angapo, kuphatikizapo Malawi, amadzera ku bungwe la ARIPO ku Harare. Chenjezo langa ndi limodzi: lembetsani musanayale katunduyo pamsika. Chinthu choonetsedwa kale poyera chimavuta kuchilembetsa, komanso anzanu a pambali panupo maso awo ndi akuthwa.