Milandu ya Kuba ku Chongoni, Kuyambira Pabwalo la Nyakwawa

Kale, m'midzi ya Achewa yozungulira phiri la Chongoni, kuba unali mlandu wa pakati pa mabanja awiri. Munthu akagwidwa ataba mbuzi kapena chimanga cha m'nkhokwe, nkhani inkapita kubwalo la nyakwawa, ndipo woyankha sanali wakubayo yekha. Mtsibweni wake, mwini mbumba, ndiye ankasenza mlanduwo. Banja linkabweza chobedwacho n'kuwonjezerapo chipepeso. Wokana mlandu popanda mboni ankamumwetsa mwavi, pena nkhuku inkamwa m'malo mwake. Tisaukometse moyo umenewo: banja losowa cholipira linkatha kupereka munthu kuti akakhale kapolo kwa eni mbuzi.

Angerezi atayamba kulamulira mu 1891, zinthu zinasintha pang'onopang'ono. Mu 1902 anakhazikitsa khoti lalikulu lotsata malamulo a ku England, mu 1911 analetsa mwavi, ndipo mu 1929 analemba buku la malamulo a zilango. Wakuba tsopano anali wolakwira Boma. Bwana DC ku Dedza ankamva mlandu kudzera mwa womasulira, n'kugamula chindapusa, chikoti kapena ndende. Chindapusacho chinkalowa m'thumba la Boma, wakubayo n'kukalambula misewu, mwini mbuzi n'kubwerera kumudzi chimanjamanja. Nanga munthu wotero akanati chilungamo chachitika?

Ndalama ndi mapepala zinabweretsanso mlandu umene makolo sankaudziwa bwino, wachinyengo: kugwiritsa ntchito chiphaso cha msonkho cha mnzako, kapena kutenga katundu m'sitolo ndi mawu abodza. Mwavi kulibe, umboni unali pepala, ndipo ambiri oimbidwa mlandu sankatha kuliwerenga.

Mu 1933 Boma linavomereza makhoti a mafumu akuluakulu kuti aziweruza milandu ing'onoing'ono, ali ndi kalaliki, buku la milandu ndi malisiti. Mu 1962 anasanduka makhoti a m'madera. Kenako mu 1969 boma la Kamuzu Banda linawapatsa mphamvu zoopsa, maloya osaloledwamo, mpaka makhoti amene anayamba ndi nkhani za nkhuku ndi mbuzi anafika pogamula kuti Orton ndi Vera Chirwa aphedwe mu 1983.

Mbiri yoipayo ndiyo inawathetsa pofika 1994. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lobwezeretsa makhoti a m'madera mu 2011, koma ntchitoyo inaima, moti milandu ya kuba yochokera m'madera a mafumu Kachere ndi Kaphuka ikafika kupolisi imathera kwa majisitireti.