Buluu buku, COF ndi zitunda za ku Chezi

Fodya akagulidwa ku Kanengo, soya ndi mtedza zikachoka m'nyumba, ku Mponela, ku Madisi ndi ku Malomo kumayamba kumveka nkhani za magalimoto. Wina akufuna Hiace yoti izinyamula anthu pakati pa Ntchisi ndi Lilongwe, wina Vanette kapena Bongo yotutira katundu wa golosale. Wogulitsa aliyense mawu ake ndi amodzi: "Mapepala onse alipo, bwana." Komatu pepala lililonse limayankha funso lakelake, ndipo ambiri amene analira ndi galimoto yogula anafunsa pepala lina funso la linzake.

Limene anthu amalikhulupirira mopyola muyeso ndi COF, kapepala komata pagalasi lakutsogolo kaja. Kamatuluka pansi pa ulamuliro wa nthambi ya boma ya DRTSS, imene tonse timangoti ku Road Traffic. Zimene kamanena n'zochepa: kuti tsiku limene galimotoyo inayesedwa, mabuleki ankagwira, magetsi ankayaka, matayala ndi chiwongolero zinali bwino. Za kuti inagubuduzikapo chaka chatha, kapena kuti injini imamwa oyilo, kamakhala chete. Si chinsinsinso kuti ena amabwereka matayala abwino tsiku loyezetsa n'kuwabweza madzulo, ndiponso kuti madobadoba amalonjeza COF galimoto ili pamiyala kunyumba. Choncho COF yatsopano pa galimoto yooneka yotopa iyenera kukuwonjezerani mafunso.

Buluu buku ndi nkhani ya umwini. Mmenemo muli dzina la mwini, nambala ya chasisi, nambala ya injini ndi mtundu wa galimoto. Yerekezani dzinalo ndi chiphaso cha unzika cha amene akugulitsa. Akayamba zakuti "mwini wake ali ku Joni, koma anandisiyira ine," ndalama zanu zikhale kaye m'thumba. Nambala ya chasisi muiwerenge nokha, pamene inadindidwa pachitsulo, chilembo ndi chilembo, osangodalira kachimbale kokhomedwa ndi misomali. Pamalopo pakaoneka zowotcherera kapena penti watsopano, chokanipo. Nambala ya injini ikasiyana ndi ya m'buku, mwina injini inasinthidwa mwachilungamo, pakuti maminibasi ambiri ayendapo ndi mainjini awiri kapena atatu, koma kusinthako kuyenera kukhala kolembetsedwa. Zonsezi zimatsimikizika mu MALTIS, kaundula wa pakompyuta wa magalimoto, ndipo ulendo wa ku Lilongwe wokasintha umwini muyende limodzi ndi wogulitsayo musanamalize kulipira. Pa galimoto ya nambala ya IT, yongolowa kumene pa Songwe kuchokera ku Dar es Salaam, mufunsenso mapepala a msonkho a MRA ndi chikalata cha apolisi a Interpol chosonyeza kuti si yakuba. Nambala ya DA kapena NS, ya ku Dowa kapena ku Ntchisi, isakutonthozeni mtima kuti ndi ya kwathu konkuno. Imangotchula dzina la boma basi.

Mbiri yeniyeni ya galimoto, ngati ikupezeka, imakhala m'mapepala a kumene inachokera, ndipo awa ndi amene ogula ambiri sawafunsa n'komwe. Ku Japan galimoto iliyonse imayesedwa mwalamulo, iwo amati shaken, ndipo makilomita amene yayenda amalembedwa. Chikalata choitulutsira m'dzikomo chimasonyeza makilomita a pa mayeso omalizira pamodzi ndi masiku ake. Zaka zimalembedwa mowerengera ufumu: za Heisei mumaphatikiza 1988, kotero Heisei 20 ndi 2008, pamene Reiwa inayamba mu 2019. Tsono chikalata chikati galimoto inali pa makilomita 210,000 ikadali ku Japan, koma lero wotchi yake ikuwerenga 130,000, mayileji anabwezedwa, palibenso zokambirana. Yogulidwa pa okushoni imakhalanso ndi pepala la giredi: 4 ndi yabwino, 3.5 yayendako ndithu, pamene R kapena RA ndiye kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Za magalimoto ochokera ku Britain n'zosavuta: mbiri ya mayeso awo a MOT kuyambira 2005 ili poyera pa intaneti, ukangodziwa nambala imene galimotoyo inkayendera kumeneko, ndipo zonse zimene inalepherapo zimaoneka, dzimbiri la mchere wothiridwa m'misewu nthawi yachisanu lomwe.

Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pali kusiyana kwenikweni ndi kwathu. Galimoto ikayenda zaka zisanu m'misewu ya kuno, palibe pepala limene wogula angawerengepo ngozi zake ndi zokonzakonza zake. Mbiri yotsalayo inalembedwa pathupi la galimoto, ndipo woiwerenga ndi makaniko amene mwabwera naye nokha, osati wa wogulitsa.

Makaniko wodziwa amafika m'mawa injini isanalizidwe, poti yotentha kale imabisa matenda. Amatukula mpando wakutsogolo, pakuti injini ya Hiace ndi Caravan ili pansi pake, n'kutsegula chivundikiro cha oyilo. Akapezamo zoyera ngati chambiko, madzi akulowa mu oyilo, gasiketi inapsa. Amayendetsa maginito m'mbali mwa bodi: pamene sakugwira panamatidwa fila. Amawerenga manambala anayi omalizira pa tayala, monga 2318, kutanthauza sabata la 23 la 2018, chifukwa tayala la kaunjika likhoza kukhala ndi mano koma mphira wake utauma. Kenaka amagona chagada pansi pa galimotoyo, kuona ngati chasisi inapindika, ngati masipuling'i akumbuyo anawonjezeredwa zitsulo. Zitsulo zowonjezerazo zimaulula galimoto imene moyo wake wonse yasenza matumba opyola muyeso.

Kuyesa kozungulira pa depoti sikukwanira kwa munthu wa ku Dowa kapena ku Ntchisi. Galimoto ya kuno idzakwera ndi kutsika zitunda tsiku lililonse, itadzaza anthu ndi katundu, nthawi ya dzinja m'matope a misewu ya kumidzi. Ikwezeni anthu angapo, mulowe msewu wa ku Salima mpaka zitunda za ku Chezi ndi Mvera. Pokwera, injini ikamalira kwambiri liwiro osawonjezeka, kilatchi yatha. Muvi wa kutentha ukamakwera, rediyeta kapena gasiketi ili ndi mlandu. Potsika, mverani ngati giya ikudumpha yokha, ngati buleki ikufewa kapena kukokera mbali imodzi. Mabulekiwa ndi amene ndimawaopa koposa, chifukwa pampando wakumbuyo padzakhala ana a sukulu ndi amayi opita kusikelo. Wogulitsa akakana ulendo umenewu ponena za mafuta, muuzeni kuti mafutawo muthira ndinu.