Zigono za Amtengatenga pa Chiromo

Pa Chiromo ndinagonapo usiku umodzi wokha, m'mwezi wa Okutobala. Ndinayala mkeka panja poti m'nyumba munali ngati m'ng'anjo. Udzudzu utandimana tulo, ndinakumbukira agogo anga aamuna. Iwo ankati bambo awo anagona pamalo omwewa kambirimbiri atatsamira katundu wa Mzungu.

Chiromo ali pamene mtsinje wa Ruo umathira m'Shire. Kale mlendo wochokera kutsidya la nyanja ankatsikira kugombe, pa Chinde, malo amene Angelezi anabwereka kwa Apwitikizi m'chaka cha 1891. Kuchoka apo ankakwera sitima ya pamadzi kudzera mu Zambezi mpaka kulowa m'Shire. Madzi akachuluka, sitima inkafika kwa Katunga, kufupi ndi Chikwawa. Akaphwa, inkathera pa Chiromo, ndipo ulendo wotsala wa ku Blantyre unali wa miyendo.

Koma miyendo ya yani? Mbiri imatchula David Livingstone amene anadutsa pano mu 1859. Imatchula Serpa Pinto amene asilikali ake anamenyana ndi Amakololo m'dera lino mu 1889. Imatchulanso kampani ya Mandala ndi katundu wake. Za anthu amene ankasenza katunduyo imangoti anali amtengatenga, basi.

Agogo ankasimba motere: munthu ankapinda nkhata, n'kusenza mtolo wolemera ngati mwana wamkulu ndithu. Ankalawira mbandakucha kuti adule chigwa dzuwa lisanakwiye. Ena ankanyamula Mzungu pa machila, akumalandizana ndi kuimba kuti mapazi agwirizane, paja mutu umodzi susenza denga. Kutsogolo kunali zitunda za Thyolo. Amene wachoka m'chigwa thukuta lili kamukamu ankapezeka kumapiri akunjenjemera ndi chiperoni, ali ndi kansalu kamodzi kokha m'chiuno.

Pachigono mpamene kusiyana kunkaonekera. Mzungu ankamumangira tenti, kumuyalira bedi ndi kumuphikira tiyi. Onyamulawo ankakazinga chimanga cha kamba, n'kugona mozungulira moto umene ankasonkhezera usiku wonse poopa mikango ndi afisi.

“Nanga ankavomereranji, agogo?” ndinawafunsa tsiku lina.

“Msonkho, mdzukulu wanga,” anayankha. “Ndalama ya msonkho sinkamera m'munda.”

Ndinadzamva nditakula kuti pofika 1894 boma la atsamunda linkatolera mashiling'i atatu pa nyumba iliyonse.

Njanji ndiyo inatula anthu ambiri mitolo ija. Ntchito yoiyala inayambira pa Chiromo mu 1903, ndipo mu 1908 sitima inayamba kuyenda pakati pa Port Herald, amene ndi Nsanje lero, ndi Blantyre. Mu 1935, mlatho wa Dona Ana utatha pa Zambezi, njanjiyo inalumikizana mpaka ku Beira. Koma madzi saiwala njira yake. Chigumula cha 1997 chinakokolola njanji pakati pa Bangula ndi Chiromo, pamalo amene anthu amawatcha Mtayamoyo.

M'mawa mwake ndinawolokera pomwepo pa bwato. Kutsidya ndinaona amayi atasenza matumba pamutu, nkhata zawo zopindidwa monga ankafotokozera agogo. Ndinayesa kukumbukira dzina la bambo awo aja, koma ndinazindikira kuti agogo anamwalira ndisanawafunse. M'mabuku mulibe, kwathu nako amene akanalidziwa anatha. Chimene ndili nacho ndi njira yokha imene anayendamo.