Buku ndi Khasu m'Sukulu za ku Domasi

Lero tikupita ku chigwa cha Domasi m'boma la Zomba, kumene mtsinje wa Domasi umatsika pakati pa phiri la Zomba ndi phiri la Malosa nukathira m'nyanja ya Chilwa. Tikupita kumeneko ndi funso limodzi: kodi mwana wa m'makalasi akuluakulu a pulayimale, kuyambira Sitandade 5 mpaka Sitandade 8, azichita chiyani kuchokera pamene belu lalira m'maŵa kufikira nthaŵi yoŵeruka? Funsoli likuoneka laling'ono, koma lazunguza mitu ya aphunzitsi, makolo ndi akuluakulu a boma kwa zaka zambiri, ndipo mbali yaikulu ya mkanganowo yachitikira m'chigwa chimenechi.

Sukulu inafika ku Domasi m'chaka cha 1884, pamene mbusa Alexander Hetherwick wa mishoni ya Church of Scotland anachoka ku Blantyre nakatsegula mishoni m'dziko la mfumu Malemia. Anthu ambiri a kumeneko anali Ayao, choncho Hetherwick anaphunzira Chiyao mwakhama, mpaka anasindikiza buku lophunzitsa chilankhulocho m'chaka cha 1889. Ntchito ya mwana wa sukulu masiku amenewo inali yodziŵikiratu. Mphunzitsi ankatchula, ana nkumabwereza onse pamodzi. Ankalemba pa sileti, kufufuta, ndi kulembanso. Ankaloŵeza mawu a m'Baibulo ndi kuŵerengera, ndipo akatuluka m'kalasi ankagwira ntchito za pa mishoni. Amene ankapitirira anzawo ankayamba Chingerezi, ndipo ena a iwo ankatumizidwa kukaphunzitsa m'midzi.

M'chaka cha 1924 kunabwera gulu la akatswiri lotchedwa Phelps-Stokes Commission, lotsogozedwa ndi Thomas Jesse Jones, ndipo mmodzi wa iwo anali James Aggrey wa ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana. Akatswiriwo anati maphunziro a kuno anali kuloŵeza chabe, osakhudza moyo wa kumudzi. Boma la atsamunda linatsegula nthambi yake ya maphunziro m'chaka cha 1926, ndipo m'chaka cha 1929 sukulu ya Jeanes Training Centre inayamba ntchito ku Domasi, mphunzitsi wamkulu wake ali mbusa E. D. Bowman. Dzina la Jeanes linachokera kwa mayi Anna Jeanes wa ku Philadelphia, amene m'chaka cha 1907 anapereka chuma chake kuti chithandize sukulu za kumidzi za anthu akuda ku America.

Amene ankabwera ku Jeanes sanali ana ayi, koma aphunzitsi ozoloŵera kale ntchito, osankhidwa ndi mamishoni awo. Ankabwera ndi akazi awo ndi ana awo, nkumakhala m'mudzi wachitsanzo. Amuna ankaphunzira kaphunzitsidwe, ulimi, ukhondo ndi ntchito zamanja, pamene amayi ankaphunzira kalereredwe ka ana, kusoka ndi kusamala pakhomo. Pambuyo pake mafumu nawonso anayamba kuitanidwa kudzaphunzira. Akamaliza, aphunzitsiwo ankabwerera kwawo kukayendera sukulu za m'midzi ndi kulangiza anzawo.

Maganizo a Jeanes anali akuti tsiku la mwana lisathere pa benchi. Masamu awaphunzire poyeza munda wa sukulu ndi poŵerengera zokolola. Ukhondo auphunzire pokumba chimbudzi ndi pokwirira zithaphwi zoswera udzudzu. Manja ake azoloŵere kuluka mphasa, kusema mipini ndi kuumba miphika. Zimene waphunzira m'maŵa akazionetse kwa makolo ake madzulo, kuti sukulu isinthe mudzi wonse.

Koma si onse amene anakondwera nazo. Makolo ambiri ankati khasu ali nalo kale kunyumba, ndipo mwana sanamtumize kusukulu kukaphunzira chimene agogo ake angathe kumphunzitsa. Iwo ankafuna Chingerezi ndi setifiketi ya Sitandade 6, pakuti likulu la boma linali pafupi pomwepo ku Zomba, ndipo aliyense ankaona kuti wolemba m'ofesi amalandira zoposa wolima. Anthu ophunzira monga Levi Mumba ankaumirira kuti Aafirika apatsidwe maphunziro apamwamba, poopa kuti maphunziro a kumudzi okhaokha adzaŵasiya pansi mpaka kalekale. Mantha awo sanali opanda maziko, chifukwa sukulu yoyamba ya sekondale, ya Blantyre, inatsegulidwa m'chaka cha 1940, ndipo ya Zomba Catholic inatsatira m'chaka cha 1942, patapita zaka zoposa 50 chiyambire sukulu ku Domasi.

Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964, maphunziro a m'buku ndiwo anakula mphamvu. Kuyambira m'chaka cha 1968, pamene Chicheŵa chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha fuko, ana ankaphunzira m'Chicheŵa mpaka Sitandade 4, ndipo kuyambira Sitandade 5 maphunziro onse, kupatula Chicheŵa chenichenicho, ankakhala m'Chingerezi. Taganizani za mwana wa m'chigwa cha Domasi amene kwawo amalankhula Chiyao. Iye poloŵa Sitandade 5 ankayenera kumva za mapiri, za magazi ndi za tizigawo ta nambala m'chilankhulo chake chachitatu.

Amene anaphunzira m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 akulikumbukira bwino tsiku la m'kalasi. Ana ankafika m'mamaŵa ndi tsache, kusesa bwalo, ndi kuima pa mzere kuti aphunzitsi aone zikhadabo, tsitsi ndi yunifolomu. Poloŵa m'kalasi ankakumana ndi masamu a pamutu, amene yankho lake linkafunika msanga mphunzitsi asanaloze wina. Kenaka kunkabwera kulembetsa mawu a Chingerezi, chimangirizo, kalata, kusanthula ziganizo, miyambi ndi zining'a. Mphunzitsi ankadzaza bolodi ndi choko, ana nkumakopera m'makope. Ulimi unalipo monga phunziro, munda wa sukulu unaliponso, koma kaŵirikaŵiri khasu linasanduka chilango cha wochedwa ndi wolongolola. Maso a onse anali pa mayeso a Sitandade 8, chifukwa malo a Folomu 1 anali ochepa kwambiri, ndipo ana ambiri ankabwereza kalasi imeneyi kaŵiri kapena katatu podikira kusankhidwa. Amene sanasankhidwe, ndipo ndiwo anali ochuluka, ankabwerera kumudzi ndi makope odzaza, koma ndi luso lochepa lodzithandizira nalo.

Apa mpamene Domasi inaloŵanso m'nkhaniyi. M'chaka cha 1979 boma linakhazikitsa bungwe la Malawi Institute of Education, limene linayamba ntchito ku Domasi m'chaka cha 1982, ndipo ntchito yake ndi kukonza dongosolo la maphunziro ndi mabuku a sukulu. Pamene boma linachotsa fizi ya pulayimale m'chaka cha 1994, chiŵerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Makalasi anadzaza, mabuku anachepa, ena nkumaphunzira pansi pa mitengo. Pamenepo njira yotchedwa TALULAR, imene bungweli linailimbikitsa, inakhala yofunika koposa. Tanthauzo lake nlakuti mphunzitsi agwiritse ntchito zinthu zopezeka pamalo pomwepo: zitsekerero za mabotolo ndi njere poŵerengera, dongo poumba mapu, ndodo ndi zitini popanga sikelo. Dongosolo la maphunziro limene linayamba kugwiritsidwa ntchito m'chaka cha 2007 linaonjezera kuti ana azikambirana m'magulu, azifufuza okha, ndipo aziyesedwa pang'onopang'ono chaka chonse.

Omvera, amene mwatsatira bwino mwaona kuti maganizo ameneŵa si achilendo m'chigwachi. Ndi ofanana ndi amene aphunzitsi a Jeanes ankapita nawo kumidzi, kungoti tsopano cholinga chake sichotsekera mwana njira ya ku sekondale. Mwana amene wayeza yekha munda ndi chingwe amamvetsa masamu a mayeso kuposa amene wangoloŵeza. Mwana amene wafunsa agogo ake za kuuma kwa nyanja ya Chilwa m'chaka cha 1968 ndi cha 1995 waphunzira za nyengo, waphunzira mbiri, ndipo wapeza cholemba m'chimangirizo chake.

Makolo akale amene ankafuna Chingerezi sanalakwe, ndipo aphunzitsi amene ankafuna munda sanalakwenso. Cholakwika chinali kuganiza kuti mwana ayenera kusankha chimodzi mwa ziŵirizi. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo kwa ana ambiri zaka zinayi zimenezi ndizo zotsiriza kukhala pamaso pa mphunzitsi. Choncho mwana wanu akabwera kuchokera kusukulu, musangomfunsa malikisi amene wapeza. Mfunseninso chimene wachita lero ndi manja ake, ndi chimene angathe kukuonetsani pakhomo.