Kukonzanso galimoto yakale ya ku Britain yodyeka ndi dzimbiri

Kukonzanso galimoto yakale ndi ntchito yobwezera pa msewu galimoto yomwe inasiya kuyenda kapena inatha chifukwa cha kukalamba. Ntchitoyi imasiyana ndi kukonza kwa masiku onse kwa pa garaja chifukwa galimotoyo imaphwasulidwa yonse, kapena mbali yake yaikulu, kenako n'kumangidwanso. Magalimoto aang'ono othamanga a mipando iwiri omwe ankapangidwa ku Britain m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, monga MGB ndi Triumph Spitfire, ali m'gulu la magalimoto omwe amakonzedwanso kawirikawiri, popeza anapangidwa ambiri ndipo zipangizo zawo zikupangidwabe. Injini zawo n'zosavuta kwa makaniko wodziwa ntchito. Chomwe chinapha ambiri mwa magalimotowa ndi dzimbiri.

Pali okonza galimoto kuti azikaionetsa pa zionetsero, ndipo iwowa amafuna chilichonse chifanane ndi mmene chinatulukira ku fakitale. Ena amakonza kuti aziyendera tsiku ndi tsiku. Kwa amenewa chofunika ndi kulimba kwa thupi la galimoto, mabuleki odalirika ndi injini yogwirizana ndi mafuta komanso misewu ya kumene akukhala.

Magalimoto ake

MGB inapangidwa ku Abingdon kuyambira 1962 mpaka 1980, ndipo inatuluka yoposa 500,000. Ili ndi injini ya malita 1.8 ndi makabuleta awiri a mtundu wa SU. Ilibe chasisi chapadera: thupi lake lenilenilo ndi lomwe limanyamula injini, mawilo ndi anthu. Triumph Spitfire, yomwe maonekedwe ake anajambula ndi Giovanni Michelotti wa ku Italy, inapangidwa ku Coventry m'zaka zomwezo. Iyo ili ndi chasisi chooneka ngati msana wa nsomba, koma mbali ina ya kulimba kwake imachokerabe m'zitsulo za m'munsi mwa zitseko.

Land Rover si galimoto yothamanga, komabe iyenera kutchulidwa chifukwa ndi galimoto ya ku Britain yomwe Amalawi ambiri anaidziwa, ku polisi, ku zipatala, ku mishoni ndi m'maesiteti. Inayamba kupangidwa ku Solihull mu 1948. Thupi lake ndi la aluminiyamu lomangidwa ndi mabawuti pa chasisi chachitsulo, choncho munthu angathe kulichotsa n'kukonza chasisicho payokha.

Mmene dzimbiri limadyera galimoto

Dzimbiri limabadwa chitsulo chikakumana ndi madzi ndi mpweya wa okosijeni. Limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chomwe ladya, motero limatupa, kusweka ndi kuyoyoka, n'kusiya chitsulo chatsopano poyera kuti nachonso chidyeke. Aluminiyamu amachita mosiyana: khungu lomwe limapangika pamwamba pake limamatirira n'kuteteza zamkati. Koma pomwe aluminiyamu wagundana ndi chitsulo pali chinyezi, aluminiyamuyo amadyeka n'kusanduka ufa woyera, vuto lodziwika pa zitseko za Land Rover.

Mchere umafulumizitsa dzimbiri. Ku Britain amathira mchere m'misewu nthawi yachisanu kuti madzi oundana asungunuke, ndipo mafakitale a nthawi imeneyo sankateteza mokwanira mkati mwa zitsulo za mphako. N'chifukwa chake galimoto yakale yochokera kumeneko imakhala itadyeka kuchokera pansi ndi mkati, kunja ikuoneka yabwino.

M'Malawi mulibe mchere wa m'misewu ndiponso mulibe nyanja ya mchere, choncho dzimbiri limalowera njira zina. Galimoto ya denga la nsalu ikang'ambika denga, mvula imalowa n'kukhazikika m'makapeti, pansi pa galimoto n'kubooka kuchokera pamwamba. Matope omwe amamatirira m'makona a mawilo m'dzinja amasunga chinyezi kwa miyezi. Galimoto yoimikidwa pa udzu pansi pa mtengo wa mango imadzaza masamba m'ngalande zake zotulutsira madzi. Asidi wa batire amadya pomwe batireyo imakhala, ndipo mu MGB malowo ali kuseri kwa mipando, pafupi ndi pomwe zitsulo zonyamula mawilo akumbuyo zimamangidwa.

Kuyeza, kudula ndi kuwotcherera

Ntchito imayamba ndi kudziwa kukula kwa vuto. Wokonza amachotsa mipando, makapeti ndi thanki ya petulo, amatsuka matope onse, kenako amagogoda ndi kahamala kapena kubaya ndi sikuludiraiva paliponse pokayikitsa. Chitsulo chabwino chimalira mokweza, chodyeka chimamveka ngati chikatoni. Maginito amathandiza kupeza pomwe wina anamatapo filler, phala louma lomwe okonza matupi a magalimoto amasalazira pokhonyoka, chifukwa maginito sagwira pa phalalo. Pa galimoto yopanda denga lachitsulo pali chizindikiro china: mpata wa pakati pa chitseko ndi thupi ukapanikizika kumwamba, kapena chitseko chikamavuta kutseguka galimoto itakwezedwa pa jeke, ndiye kuti thupi layamba kupindika pakati.

Malo ofunika kuposa onse ndi chitsulo chachitali cha m'munsi mwa chitseko, chomwe a ku Britain amachitcha sill. Pa galimoto ya denga lachitsulo, dengalo limathandiza kugwira kutsogolo ndi kumbuyo. Pa MGB yotsegula pamwamba ntchito yonseyo imatsalira zitsulo ziwirizi ndi ngalande ya pakati yomwe mumadutsa shafti. Sill ya MGB ndi bokosi la zidutswa zingapo zowotchereredwa pamodzi, china kunja, china choimirira pakati, china pansi ndi china mkati, ndipo nsonga zake zimabisika kuseri kwa mapiko a kutsogolo ndi kumbuyo. Anthu ambiri ogulitsa amangophimba chidutswa chakunja ndi lata latsopano n'kupaka penti. Galimoto yotero imaoneka bwino koma pa ngozi imapindika ngati chitini.

Kakonzedwe koyenera ndi kudula chodyeka chonse mpaka kufika pa chitsulo chowala, n'kuwotchererapo chatsopano cha makulidwe ofanana. Asanadule, amawotcherera mipiringidzo yongoyembekezera pakhomo la chitseko kuti thupi lisasunthe, ndipo amamaliza mbali imodzi asanakhudze inayo. Zitseko zimasiyidwa pamalo pake kapena kubwezeredwa pafupipafupi, chifukwa ndi zomwe zimaonetsa ngati zonse zili mumzere. Pambuyo pa sill amapita pansi popondapo, m'makona a mawilo, m'buti ndi pomwe masipuling'i akumbuyo amamangidwa.

Mtundu wa makina owotcherera uli ndi gawo lalikulu. Zitsulo za thupi la galimoto n'zopyapyala, pafupifupi milimita imodzi. Makina a ndodo, omwe amisiri ambiri a m'misika ya m'Malawi amapangira mafelemu a mawindo, zitseko ndi ngolo, amatentha kwambiri ndipo amabowola chitsulo chotere, ngakhale amagwira bwino pa chasisi chokhuthala cha Land Rover. Moto wa gasi umatha kulumikiza malata opyapyala koma umawapotokola ngati mmisiri sakudikira kuti azizizira. Makina a MIG ndi omwe amayenera bwino ntchitoyi, koma amafuna gasi wake, waya wake ndi magetsi okhazikika. Mmisiri waluso amawotcherera timadontho motalikirana, n'kumadzaza mipata pang'onopang'ono. Penti, phula ndi makapeti zimagwira moto msanga, ndipo thanki yomwe munali petulo imatha kuphulika ngakhale itaoneka youma.

Kuwotcherera kukatha, chitsulo chimapakidwa penti yoyamba yoteteza, mizere yolumikizira imamatidwa kuti madzi asalowe, ndipo m'mphako amapoperamo phula lamadzimadzi. Eni magalimoto ambiri amapaka oyilo wakutha pansi pa galimoto. Amathandiza ndithu, koma amakoka fumbi, amafewetsa mphira, ndipo amafuna kubwereza chaka ndi chaka. Timabowo totulutsira madzi m'munsi mwa zitseko ndi mwa sill tiyenera kukhala totsegula nthawi zonse.

Thupi likadyeka mopitirira, pali njira ina. Kuyambira 1988 kampani ya British Motor Heritage yakhala ikupanga matupi atsopano a MGB pogwiritsa ntchito zikombole zakale za fakitale. Kwa munthu wa ku Malawi mtengo wa thupilo, kulinyamula pa sitima ndi msonkho wake zimapangitsa njirayi kukhala ya ochepa kwambiri.

Zosintha kuti iziyenda masiku onse

Mabuleki sakambirana. Mapaipi achitsulo, mapaipi amphira ndi timphira ta m'masilinda zimasinthidwa zonse, chifukwa mafuta a mabuleki amayamwa madzi n'kudya zitsulo mkati. Matayala okalamba amachotsedwa ngakhale mano ake ali athunthu. Mawaya a magetsi, omwe ambiri anali a kampani ya Lucas ya ku Birmingham, amauma ndi kudyedwa ndi makoswe, ndipo nthawi zambiri vuto limakhala dzimbiri la polumikizira. Okonzera kuyenda masiku onse amakonda kuika alternator m'malo mwa dayinamo yakale. MGB zoyambirira zinali ndi mabatire awiri a mavoti 6, ndipo ambiri amaikamo imodzi ya mavoti 12. Mabawuti a magalimotowa ndi a muyezo wa mainchi, choncho masipanala a mamilimita omwe amagwira pa Toyota ndi Nissan amangokulungiza mitu yake.

Mafuta a m'Malawi amabweretsa nkhani ziwiri. Yoyamba ndi mtovu. Injini zambiri zakalezi zinapangidwira petulo wokhala ndi mtovu, womwe unkateteza pokhalira mavalavu otulutsa utsi. Petulo wotereyu anasiya kugulitsidwa m'maiko a kum'mwera kwa Sahara pofika kumayambiriro kwa 2006, choncho galimoto yoyenda maulendo ataliatali imafunika kuikidwa pokhalira mavalavu polimba. Yachiwiri ndi ethanol. Dziko la Malawi lakhala likusakaniza ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe mu petulo kuyambira 1982, pomwe fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito, ndipo ina ya PressCane inatsegulidwa ku Chikwawa mu 2004. Ethanol amawononga mphira wakale wa m'mapaipi a mafuta ndi m'pampu, ndiponso amayamwa chinyezi, moti galimoto ikaima miyezi thanki yachitsulo imachita dzimbiri mkati. Mapaipi onse a mafuta amayenera kukhala a mphira wamakono, ndipo pamafunika sefa pakati pa thanki ndi kabuleta.

Kutentha kwa mwezi wa October kumafuna rediyeta yotsukidwa bwino, ndipo fumbi la chilimwe limafuna kuti sefa ya mpweya ndi girisi wa m'miyendo yakutsogolo ziziyang'aniridwa pafupipafupi kuposa mmene buku la fakitale limanenera.

Ku Wimbe ndi madera a fodya a Kasungu

Wimbe ndi dera la kum'mawa kwa boma la Kasungu, kufupi ndi Mtunthama komwe kuli Kamuzu Academy. Anthu ake amalima fodya, chimanga, mtedza ndi soya, ndipo misewu yambiri yolowa m'midzi ndi m'minda ndi yafumbi. Dera lotere limaonetsa bwino malire a galimoto yothamanga. MGB imatalikira pansi masentimita pafupifupi 13 okha, ndipo chotsikitsitsa ndi paipi ya utsi. Pa msewu womwe malole a fodya ndi ngolo zakumba mikwasa iwiri n'kusiya mtumbira pakati, mimba ya galimoto imakhula pansi, penti yoteteza imapalika, ndipo dzimbiri limayambiranso pomwe linachotsedwa. Land Rover yakale imatalikira pafupifupi masentimita 20 ndipo imakoka ndi mawilo onse anayi. N'chifukwa chake kumidzi galimoto ya ku Britain yomwe imapindulitsa kuikonzanso ndi Land Rover, pomwe MGB ndi Spitfire, zomwe n'zosowa m'dziko muno, zimayenera misewu ya tala.

Madera a fodya ali ndi mdani wina wa chitsulo: feteleza. Urea, CAN ndi feteleza wokulitsa zimayamwa chinyezi n'kuchita monga mchere wa m'misewu ya ku Britain. Thumba likabooka m'buti kapena kumbuyo kwa pikiapu, timibulu totsalira m'ming'alu timadya chitsulo dzinja lonse. Galimoto yomwe yanyamula feteleza iyenera kusesedwa ndi kutsukidwa tsiku lomwelo.

Maesiteti a fodya omwe anakula m'nthawi ya Kamuzu Banda anasiya mathirakitala ndi magalimoto akutha m'malo ambiri a Kasungu, ndipo zitsulo zimenezi zakhala nkhokwe ya amisiri. Chitsanzo chotchuka ndi William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe, wobadwa mu 1987, yemwe ali ndi zaka 14 anayamba kupanga makina opukusa magetsi ndi mphepo. Zina mwa zipangizo zake, monga chopemerera cha thirakitala ndi shock absorber, anazitola pa mulu wa zitsulo zakutha pafupi ndi sukulu ya Kachokolo. Luso lotola, kuyeza ndi kusula chidutswa chomwe sichipezeka m'sitolo ndi lomwelo lomwe okonza magalimoto akale amadalira. Chidutswa cha pansi popondapo chingadulidwe ku denga kapena boneti ya galimoto ina yakutha, chifukwa mbali zimenezi sizidyeka msanga. Malata ofolerera nyumba sayenera: ndi opyapyala kwambiri, ndipo zinki wokutira pamwamba pake amatulutsa utsi wodwalitsa akamawotchereredwa.

Malamulo ndi mtengo

Galimoto yokonzedwanso iyenera kukhala ndi mapepala a umwini, inshuwalansi ndi chiphaso choti ndi yoyenera kuyenda pa msewu, chotchedwa COF, chomwe chili m'manja mwa nthambi ya boma yoona za pamsewu ya DRTSS. Nambala ya chasisi iyenera kusungidwa podula zitsulo, popeza ndi yomwe imalumikiza galimoto ndi mapepala ake. Chiwongolero cha magalimoto opangidwira msika wa ku Britain chili kumanja, zomwe zimagwirizana ndi kuyenda kumanzere kwa m'Malawi.

Ngakhale ku Britain komweko, ndalama zokonzera MGB yodyeka kwambiri nthawi zambiri zimaposa mtengo womwe ingagulitsidwe ikatha. M'Malawi zipangizo zimaitanitsidwa ku Britain kapena ku South Africa ndi ndalama zakunja, zimalipiridwa msonkho ku MRA, ndipo mtengo wake unakwera kwambiri kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023.